Chala changa chinapindika chokha, anachiwongola ndi singano basi

Tsiku lomwe ndinavomereza kuti chala changa chafika povuta sikunali kuchipatala ayi, kunali ku tchalitchi. Titatuluka m'mapemphero tinkapatsana moni panja monga timachitira a Malawi tikakumana kuno ku Manchester, nde panali mayi wina wachikulire amene anabwera kuchokera kumudzi kudzaona zidzukulu, mayi waulemu wake, duku kumutu. Ine ndawerama pang'ono, dzanja lamanzere ndagwira pachigongono, ndikupereka lamanja, koma poti chala cha mphete chinali chitapindikira mkati chinakawakanda mayiwo pachikhatho. Abale inu mukudziwa tanthauzo la kukanda munthu wamayi pachikhatho popereka moni. Mayi aja anachotsa dzanja ngati agwira mbaula yamoto, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ine pakamwa pangoti gwa. Mayi akunyumba anaona zonse, mugalimoto anaseka mpaka misozi kenako amvekere "abambo, mawa lomwe muyimbe kwa GP, dokotala wathu uja, mudzatichititsa manyazi tonse ndi chala chanucho."

Vutoli dzina lake ndi Dupuytren's contracture, ine ndinatha zaka pafupifupi zinayi ndili nalo osalidziwa dzina, nde ndati ndilembe mwina pali wina amene akuyang'ana chikhatho chake pano osamvetsa.

Zinayamba ndi kanthu kolimba pachikhatho chakumanja, pansi pa chala cha mphete, kukula kwake ngati njere ya nandolo. Ndimagwira ntchito ya ukeya ku nyumba yosamalira okalamba, tsiku lonse ndi kukankha mawilicheya, kukoka hoist, makina aja onyamulira odwala, kunyamula izi ndi izo, nde ndinkangoti ndi khungu lalimba ngati mmene zimakhalira ukalima ndi khasu la mpini watsopano. Miyezi yoyambirira kankanyerenyesa, pena kuwawa pang'ono ndikagwira chiwongolero mwamphamvu, kenako kanasiya kuwawa. Apa mpomwe ndinapusa, poti kwathu chinthu chosawawa sititi ndi matenda. Patapita nthawi pambali pake panalowa kadzenje ngati wina wakoka khungu ndi ulusi kuchokera mkati, kenako ndinayamba kumva kachingwe kolimba koyenda kuchokera pakati pa chikhatho kulowera kuchala. Ndikatambasula dzanja kankaonekera bwinobwino, kali nji ngati luzi louma. Chala chinayamba kugwada pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi ayi, moti sungathe kunena kuti chinayamba Lachitatu lakutilakuti. Kufumbata ndinkafumbata bwinobwino, mphamvu zonse zilipo, chomwe chinkakanika ndi kutambasula.

Anthu amaona ngati chala chimodzi ndi nkhani yaing'ono. Yesani kuvala magolovesi chala chimodzi chitapinda. Keya amasintha magolovesi kambirimbiri pa shifiti imodzi, nde ine golovesi iliyonse kunali kulimbana nayo, ina kung'ambika, ina chala chake chimodzi kumangolendewera chopanda kanthu mkati. Kupisa dzanja m'thumba la thalauzi chala chimakola pamlomo wa thumba. Posukusula kumaso ndinadzitosola m'diso kangapo. Kuwomba m'manja kutchalitchi kunkangomveka kuti phu phu ngati ukumenya pilo. Koma chomwe chinkandinyansa kwambiri ndi nsima, poti poumba mbamu chala chija chimalowa pakati, nsima kumatirira kuseri kwake, ndiwo kumadonthera kumkono, munthu wa zaka 54 kumadya ngati mwana wa kumkaka.

Kumudzi ku Ntcheu nkhani inafika kudzera pa video call ya WhatsApp, ndinakweza dzanja kubayibitsa mayi anga nde anaona. Iwo mantha awo anali khate, poti m'masiku awo anaona anthu a zala zopindika chifukwa cha khate. Amalume anati ndinagwira chinthu cha eni, kapena wina kuntchito wanditchera, ati ndibwere andipititse kwa munthu wina akanditeme mphini pamkono. Achemwali anga anati ndi nyamakazi ya kuzizira kwa kunja kuno, ndizipaka mafuta otentha aja. Sindiwaseka ayi, ine mwini ndinachita zanga zopusa. Ndinkaviika dzanja m'madzi otentha ndikumakankha chala patebulo mpaka misozi, ndinkalikhalira dzanjalo poonera mpira, usiku wina ndinamangirira chala ku chipande ndi bandeji. Palibe chinasintha olo pang'ono, kungodzipweteka.

Amene anayamba kundiuza zoona sanali dokotala, anali gogo wina wachizungu amene ndinkamusamalira. Iyeyu zala ziwiri ziwiri kumanja konse zinali zitapindikiratu mpaka kugunda chikhatho. M'mawa uliwonse ndinkapisa kansalu konyowa kuseri kwa zalazo, kupukuta, kuumitsa bwinobwino poti mukakhala chinyezi mumasupuka n'kumanunkha, komanso zikhadabo kumaziwenga pafupipafupi kuti zisamabaye chikhatho. Ndinkangoganiza kuti ndi sitiroko yakale kaya nyamakazi. Tsiku lina ndikumuveka malaya anandigwira dzanja, kuyendetsa chala chake chachikulu pa kachingwe kanga kaja, n'kuyamba kuseka. Ati mnyamata iwe watenga kuti matenda athu a ma Viking, kutanthauza anthu akale a kumpoto kwa Ulaya. Anandiuza kuti bambo ake analinso choncho, ndipo iye anazengereza mpaka zala zinauma. Ndinaseka naye koma usiku umenewo tulo sitinabwere, ndinkangoona manja akewo ali anga. Olo zinali choncho ndinakhalabe miyezi ina osapita kuchipatala, mpaka za kutchalitchi zija. Amuna timavuta.

Kwa GP sizinatenge nthawi. Anangoti ikani dzanja patebulo, chikhatho pansi, mulitambasule lonse ligunde tebulo. Langa linakhala ngati kachulu, pansi pake pakanatha kudutsa cholembera. Kuyesa kumeneku aliyense angathe kuchita kunyumba, ndipo ngati dzanja silikugona lonse patebulo ndi nthawi yoti akuoneni odziwa za manja. Anandilembera kuchipatala cha manja, ndinadikira miyezi ingapo apointimenti isanabwere.

Dokotala wa manja uja anali mayi wodekha, anayeza ndi kachida kokhala ngati protractor ya kusukulu. Pamfundo yoyamba, pomwe chala chimalumikizana ndi chikhatho, panali madigiri 50, pamfundo yapakati 20. Anandiuza kuti nthawi zambiri amayamba kuganiza zochitapo kanthu mfundo yoyambayo ikafika cha m'ma 30, koma mfundo yapakati amaiwopa kwambiri chifukwa ikakhalitsa yopinda imauma ndipo siwongoka yonse olo atachita opaleshoni yaikulu.

Kenako anandifotokozera chomwe chikuchitika, ndipo apa ndikufuna mumvetse poti ine ndinkalakwitsa. Ndinkaona ngati mtsempha wokoka chala, tendon, ndi umene wafupika. Ayi, tendon ili bwinobwino. Pansi pa khungu la chikhatho pali kanembanemba kolimba, ngati koyera kaja timakapeza tikamadula nyama ya ng'ombe, madokotala amati fascia. Ntchito yake ndi kugwira khungu kuti lisamatereke tikagwira chinthu. Mwa anthu ena kanembanemba kameneka kamayamba kukhuthala, kupanga timibulu, kenako zingwe, zingwezo n'kumafupika kumakoka chala. Kawirikawiri ndi chala cha mphete ndi chaching'ono. Si khansa, sapatsirana, ndipo mankhwala akumwa ochotsa chingwecho kulibe. Dzinalo linachokera kwa dokotala wa ku France, Guillaume Dupuytren, amene anachita opaleshoni yake ku Paris mu 1831 n'kuonetsa kuti vuto lili mu fascia osati mu tendon, nde ganizani, zomwe ine ndinkakhulupirira anazitsutsa kalekale.

Amagwira kwambiri azungu a kumpoto kwa Ulaya, makamaka amuna opitirira zaka 50, ndipo amayenda m'magazi a banja. Olo Margaret Thatcher, yemwe anali nduna yaikulu ya Britain, anali nawo. Mwa ife anthu akuda sapezekapezeka koma sikuti kulibiretu, umboni ndi ine. Anandifunsa za shuga, ndipo ine shuga ndili naye zaka zambiri ndithu, anati anthu a shuga amawapeza nawo kawirikawiri kuposa ena. Anafunsa za fodya, mowa, mankhwala a khunyu, ngati ndinagwirapo ntchito ya makina onjenjemeretsa manja, ngati kwathu kuli wina wa zala zopinda. Anandivulitsa masokosi kuona kuphazi poti timibulu tomweti timatha kumera kunsi kwa phazi. Kenako anafunsa funso lina lokhudza kumalo obisika, ngati kwayamba kukhota, mayi akunyumba ali pompo pampando. Ine ndinangoyang'ana kudenga n'kuti kulibe vuto. Koma abambo anzanga musachite manyazi mukafunsidwa, ndi matenda a pachibale, dzina lake Peyronie's, ndipo amafunsa kuti adziwe ngati thupi lanu ndi la mtundu umene matendawa amabwerera msanga.

Njira anandipatsa ziwiri. Yoyamba opaleshoni yeniyeni, fasciectomy, amang'amba chikhatho mokhotakhota mpaka kuchala, kuchotsa chingwe chonse, kusoka, ulusi kudzachotsa pakatha masabata awiri, kenako physio, kuphunzitsa dzanja kuti liziyendanso bwino, ndipo munthu wa ntchito yamanja ngati ine atha kukhala mwezi ndi theka mpaka miyezi itatu dzanja lisanabwerere mwakale. Yachiwiri ndi ya singano, ena amati needle fasciotomy ena needle aponeurotomy, ndi chimodzimodzi. Sang'amba, sachotsa kanthu, amangolowetsa nsonga ya singano wamba wa jakisoni pakhungu n'kumadula chingwe chija mkati momwemo m'malo angapo mpaka chifooke, kenako amawongola chala chingwe n'kuduka. Njirayi anaitchukitsa ndi madokotala a nyamakazi a ku Paris m'ma 1970, wodziwika kwambiri ndi Jean-Luc Lermusiaux. Ndinali nditawerenga za jakisoni wina wosungunula chingwecho, collagenase, nde ndinafunsa, anati ameneyo anasiya kugulitsidwa ku Ulaya mu 2020, ku America ndi komwe akadalipo.

Chomwe ndinawakondera dokotalayo sanandinamize. Anati singano ndi yachangu, yopepuka, koma chingwe chimatsala momwemo nde chimadzalumikizananso. Anandiuza za kafukufuku wa ku Netherlands amene anatsatira odwala zaka zisanu, mwa omwe anachitidwa ya singano pafupifupi 85 pa 100 alionse vuto linabwerera, pomwe a opaleshoni yong'amba anali pafupifupi 21 pa 100. Ndipo ukakhala wocheperako zaka limabwerera msanga kuposa agogo a zaka 75. Nditamva 85 mtima unagwa, ndinati nanga phindu lake n'chiyani. Anati phindu lake ndi loti mutha kubwereza, komanso sizitseka njira ya opaleshoni yaikulu mtsogolo.

Ine ndinasankha singano ndipo chifukwa chake sichinali cha nzeru zakuya ayi, inali nkhani ya ndalama. Mashifiti ambiri ndimagwira kudzera ku ejensi, osagwira ntchito palibe cholowa, renti ikudikira, fizi ya ana a malemu achimwene kumudzi ikudikira, mankhwala a mayi akudikira. Miyezi iwiri pakhomo sindikanakwanitsa. Chachiwiri ndi shuga, bala lalikulu pachikhatho linkandiopsa. Komanso chingwe changa chinali chimodzi, choonekera bwino, ndipo kupinda kwambiri kunali pamfundo yoyamba pomwe singano imagwira bwino ntchito. Wina amene chala chake chapindikira pamfundo yapakati, kapena khungu lamatirira kwambiri, kapena anachitidwapo kale opaleshoni pali zipsera, atha kuuzidwa zosiyana ndi ine ndipo asakakamire.

Tsikulo ndinadya kadzutsa monga mwa masiku onse, mankhwala a shuga ndinamwa, sanandiuze zosala kudya poti sagoneka tulo. Anali atandifunsiratu ngati ndimamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, ngati mumamwa muwauze msanga. Mphete ndinavula kunyumba. Sikunali ku fiyeta kwenikweni, kachipinda chabe, ine chogona chagada dzanja pa katebulo kapambali, malaya anga omwewo. Anapukuta dzanja ndi mankhwala ozizira aja, n'kutenga cholembera kuika timadontho tinayi motsatira chingwe, tiwiri pachikhatho, kamodzi pafupi ndi tsinde la chala, kena pachala penipeni.

Jakisoni wa dzanzi nde amawawa, ndisakunamizeni, pachikhatho si pa thako. Amaluma ngati mavu kwa kamphindi. Koma amangoika kadontho pakhungu pokha dala, safuna kuti chala chonse chichite dzanzi, chifukwa mbali zonse ziwiri za chala mumadutsa timitsempha tomvera, ma nerve, ndipo pena chingwe chija chimazungulira nerve n'kuikokera pakati pomwe siyenera kukhala. Nde iweyo wodwala ndiwe mlonda. Anandiuza kuti mukangomva ngati shoko ya magetsi ikuthamangira kunsonga ya chala munene pompo, musapirire, pano si pa chinamwali. Sananene choncho ndendende koma tanthauzo lake linali lomwelo.

Kenako analowetsa singano pa kadontho koyamba, dzanja lake lina likukoka chala changa kuti chingwe chikhale chokungika. Kuwawa kunalibe, koma kumva ndinkamva, ndipo ndi khutu lomwe. Mukudziwa mukamadula chingwe cha khonje ndi mpeni wobuntha, timaulusi kumaduka kamodzikamodzi kuti tswi tswi, ndi mmene zinkamvekera mkati mwa dzanja langa. Pakapita kanthawi ankandigwira kunsonga ya chala kufunsa ngati ndikumva, mbali iyi, mbali iyo. Penanso ankati pindani chala pang'ono, ati akuona ngati singano ikugwedezeka, ikagwedezeka ndiye kuti yalowa kwambiri yakhudza tendon. Pa kadontho kachitatu ndinamva kuti nyezi mpaka kuchikhadabo, ndinakuwa "mayo" m'Chichewa chenicheni, nesi mpaka anadzidzimuka. Dokotala anangoti zikomo mwanena, anatulutsa singano n'kulowera pena. Dzanzi la pamenepo linatha tsiku lomwelo.

Atamaliza timadontho tonse anati tsopano pumirani mkati. Anagwira dzanja ndi manja awiri n'kuyamba kukankha chala chammbuyo pang'onopang'ono koma mwamphamvu, ine ndikumva kukokeka, kukokeka, kenako kuti thu! Ndiye kachiwiri kuti thu, kocheperako. Ndinaganiza kuti fupa lathyoka. Nditadzutsa mutu chala chili chiwongokere pakati pa zinzake ngati sichinalakwepo kanthu. Zaka zinayi. Mayi akunyumba anali pakona atatseka maso ndi chikwama, nditawaitana anangoti "ii abambo, chabwerera." Zonse pamodzi sizinapitirire theka la ola.

Khungu linang'ambika pang'ono pa mzere wa tsinde la chala, kabala ngati kambewu ka dzungu, poti khungu lomwe lakhala lofinyika zaka zambiri likatambasulidwa mwadzidzidzi limatha kutero. Anali atandichenjeza kale kuti ili ndi vuto lomwe limachitika kawirikawiri. Sanasoke, anangoika kabandeji. Zina zomwe zingachitike koma mwa apo ndi apo ndi kuvulala kwa nerve, kuduka kwa tendon, ndi bala kulowa majeremusi. Anayezanso, mfundo yoyamba inafika pa 0, yowongokeratu, yapakati inatsala ndi 10 ndipo mpaka lero sinawongokeretu. Ndikanapita msanga mwina bwenzi ili bwino, dokotala sananene koma nkhope yake inanena.

Madzulo dzanzi litatha dzanja linkagunda ngati ndamenyetsa pachitseko, paracetamol anakwanira. Masiku awiri oyamba ndinkaliika mmwamba, pogona pa mapilo, kuti lisatupe. Pachikhatho panada ndi magazi ogwera mkati kwa sabata. Anandiuza kuti zala ndiziyendetsa kuyambira tsiku lomwelo, kufumbata kutambasula, koma zonyamula zolemera ndi kufinya mwamphamvu ndidikire sabata kapena awiri. A physio anandiumbira splint ya pulasitiki yogwira chala kuti chikhale chowongoka, amaiviika m'madzi otentha n'kuiumba padzanja pako pomwepo, yovala usiku wokha kwa miyezi itatu. Chifukwa cha shuga kabala kanga kanatenga pafupifupi masabata awiri kuti katsekeke, ndipo ndinkakayang'ana tsiku lililonse ngati kafiira, katentha kapena kayamba mafinya. Anzanga a shuga funsaninso ngati akuikirani steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, pa timibulu, madokotala ena amatero, ndipo steroid amakweza shuga kwa masiku angapo nde muziyeza pafupipafupi.

Kulakwitsa kwanga kunali kubwerera kuntchito tsiku lachisanu poti panali shifiti ya Lamlungu yolipira bwino. Ndinalonjeza kuti ndizingopereka tiyi ndi kulemba, koma ku ukeya kulibe zimenezo, belu likalira umathamanga. Ndinagwira gogo wina amene amafuna kugwa, kabala kaja kanatsegukanso, magazi m'golovesi, kubwerera kunyumba sabata ina yathunthu. Ndalama ya Lamlungu ija inandidyera masiku asanu ndi awiri. Splint nayo ndinaivala mokhulupirika mwezi umodzi, mwezi wachiwiri mwa apo ndi apo, wachitatu inali m'dirowa.

Koma abale kukoma kwake. Tsiku loyamba kuvala golovesi kamodzi n'kamodzi, zala zonse zisanu kulowa m'malo mwake, ndinaima m'kolido kumangoliyang'ana dzanja ngati chitsiru. Gogo wanga wa ma Viking uja ndinakamuonetsa, analigwira nthawi yaitali osalankhula. Anamwalira chaka chotsatira.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna ndinene chifukwa nditaika chithunzi pa gulu la WhatsApp la kwathu mafoni anachuluka, aliyense ali ndi m'bale wa zala zopinda akufuna singano yomweyo. Si chala chilichonse chopinda chomwe ndi Dupuytren's. Mwana wa msuweni wanga anagwera pamoto ali wamng'ono, zala zinamatirira ku chikhatho chifukwa cha chipsera, zimenezo singano singathandize, pamafunika opaleshoni yomasula chipsera pena mpaka kuika khungu lochokera pena, ndipo kwathu ana otere ndi ambiri kuposa anthu a matenda angawa. Pali chala chomwe chimakakamira ukafumbata kenako n'kufwanthuka kuti kha ukachikoka, chimawawa patsinde makamaka m'mawa, chimenecho ndi trigger finger, vuto lili pa tendon, nachonso chimakonda anthu a shuga koma chithandizo chake ndi china. Zala zopinda pamodzi ndi dzanzi, dzanja kuwonda, zigamba zotuwa pakhungu zosamva kukhudza, pamenepo mantha a mayi anga aja ndi oona, kayezetseni khate msanga poti mankhwala ake alipo ndipo amachiza. Dzanja lofumbata pambuyo pa sitiroko ndi nkhani inanso. Chizindikiro cha changachi ndi kambulu kolimba ndi kachingwe pachikhatho, chala chosawawa, chomva bwinobwino, chofumbata bwinobwino koma chokana kutambasuka.

Ndipo chonde, poti ndanena kuti ndi singano wamba wa jakisoni, wina asaganize zoti m'bale wake amene amabaya anthu jakisoni angathe, kapena kutenga lezala kutema pachingwepo. Mnzanga wina anandifunsa zimenezo mosaseka. Singanoyo ndi yotchipa inde, chodula ndi munthu amene akudziwa kuti nerve ndi mtsempha wa magazi zadutsa pati, poti zili pafupi kwambiri ndi chingwecho moti kuphonya pang'ono chala chimachita dzanzi mpaka kalekale. Pitani kwa madokotala a mafupa kapena a manja, afunseni ngati njirayi amaichita kawirikawiri, ndipo afunseni kuti pa chala chanucho akuyembekeza kuti chiwongoka mpaka pati.

Pano papita zaka ziwiri ndi theka. Chingwe chayambanso kumveka, pa malo omwewo, ndipo kudzanja lamanzere kwatuluka kambulu pansi pa chala chaching'ono, kameneko anati tingokayang'anira poti timibulu tina timakhala zaka osakoka chala. Fodya ndinali nditasiya kale, mowa ndachepetsa, shuga ndikuyesetsa, koma sindidzinamiza kuti zimenezi ziletsa. Chikadzapindanso ndidzapita kukabayitsanso singano ngati adzavomere, opaleshoni yaikulu ndikuisungira nthawi yomwe ana a achimwene adzamalize sukulu.

Mayi akunyumba anakhazikitsa lamulo, Lamlungu loyamba la mwezi tisanadye nsima ndimaika dzanja patebulo iwo n'kuyesa kulowetsa cholembera pansi pa chikhatho, tsiku lomwe chidzalowe ndiye kuti Lolemba lake ndikuyimba foni, palibe zokambirana. Mwezi uno cholembera chinakana, koma envelopu ya bilu ya magetsi inalowa.